Outlook kapena Thunderbird ikamadzitseka yokha mukangoitsegula

Mukadina Outlook, pulogalamu ya imelo ya Microsoft, kabokosi kabuluu kaja kamaoneka, pansi pake n'kulemba kuti Loading Profile kapena Processing, kenako zii, pulogalamu yasowa. Thunderbird nayo imachita chimodzimodzi, kungoti nthawi zambiri imasiya kabokosi ka Crash Reporter kopepesa. Chimene ambiri amathamangira ndi kuchotsa pulogalamuyo n'kuiikanso mwatsopano, ndipo kawirikawiri sizithandiza. Pulogalamu imakhala mu Program Files, pomwe makalata, maakaunti ndi makonzedwe anu zimakhala kwina, mu foda ya AppData, mu Documents ndi mu Registry, mmene Windows imasunga makonzedwe a mapulogalamu. Pochotsa pulogalamu zimenezi sizikhudzidwa. Yatsopano ija ikangoyaka imakawerenga fayilo yowonongeka yomwe ija n'kugwanso pamalo omwewo, inu mutataya kale nthawi ndi bandulo.

Zimene ndikufotokoza pano ndi za Windows 10 ndi 11, komanso za Outlook yakale ija yobwera ndi Office 2016, 2019, 2021 kapena Microsoft 365, imene fayilo yake ndi OUTLOOK.EXE. Outlook yatsopano imene imabwera ndi Windows 11 ndi pulogalamu ina, fayilo yake ndi olk.exe, ndipo zambiri za m'munsimu siziikhudza. Za Thunderbird zili chakumapeto.

Pulogalamu ya imelo ikamayaka imachita zinthu motsatana. Imawerenga profayilo kuti idziwe maakaunti anu, imatsegula fayilo ya makalata, imadzutsa ma add-in, timapulogalamu toonjezera timene timayaka limodzi nayo, imajambula windo lake, kenako imayesa kuonetsa kalata yoyamba ya mu Inbox. Ikagwa ndiye kuti yagwera pa chimodzi mwa zimenezi, ndipo ntchito yanu ndi kupeza kuti ndi chiti. Muzisintha chinthu chimodzi, n'kuyesa, n'kusinthanso china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi n'kupezeka kuti yayaka, simudziwa chimene chinalakwika, ndipo ikadzagwanso mudzayambira poyambirira.

Kopani makalata kaye

Anthu ambiri amene anataya makalata a zaka zambiri sanawataye chifukwa cha vuto loyambalo ayi, anawataya pokonza. Choncho musanakhudze kalikonse dziwani kumene makalata anu ali.

Outlook ili ndi mafayilo a mitundu iwiri. Fayilo ya .pst ndi ya akaunti ya POP ndiponso ya ma archive, ndipo imakhala mu Documents\Outlook Files. Ndi POP makalata amatsitsidwa kuchoka pa seva kubwera m'kompyuta, ndipo ngati simunasinthe makonzedwe, Outlook imawafufuta pa seva pakapita masiku 14. Ndiye kuti kalata ya chaka chatha ili mu .pst mokhamo, kulibenso kwina kumene mungaipeze. Maofesi aang'ono amene imelo yawo ili pa domeni yawoyawo amakonda POP chifukwa malo a pa seva amakhala ochepa, ndipo ndi iwowa amene ayenera kusamala kwambiri.

Fayilo ya .ost ndi ya maakaunti a Exchange, Microsoft 365, Outlook.com ndi IMAP, ndipo imakhala mu %localappdata%\Microsoft\Outlook. Iyi ndi kope chabe ya zimene zili pa seva, n'chifukwa chake malangizo ambiri a pa intaneti amati ingoifufutani, ipangidwanso yokha. Kwa Exchange n'zoona, kupatula makalata amene anatsala mu Outbox asanapite. Kwa IMAP pali msampha. IMAP imanyamula makalata okha, sinyamula kalendala, mayina ndi manambala a anthu, kapena Tasks. Kuyambira pa Outlook 2013 zinthu zimenezi zimasungidwa mu .ost momwemo, m'mafoda olembedwa kuti This computer only, ndipo mukafufuta fayiloyo zapita basi. Fayilo ya .ost musamaifufute, muzingoisintha dzina.

Kukopa kwake n'kotere. Dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani %localappdata%\Microsoft\Outlook, dinani Enter, kopani zonse zili mmenemo. Chitaninso chimodzimodzi ndi Documents\Outlook Files ndi %appdata%\Microsoft\Outlook. Ngati simukuona .pst ndi .ost kumapeto kwa mayina, pitani pa View mu File Explorer muchonge File name extensions. Fulashi ikakana fayilo n'kunena kuti ndi yaikulu chikhalirecho malo alipo, ndiye kuti inafomatidwa mu FAT32, imene silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Pezani fulashi kapena disiki ya exFAT kapena NTFS. Koma kukopako kukaima pakati, kapena kukatulutsa uthenga wa cyclic redundancy check, lekani zonse. Pamenepo vuto si la Outlook, ndi disiki imene ikufa, ndipo ndikambapo kumapeto.

Windows ikanena kuti fayilo ikugwiritsidwa ntchito, ndiye kuti Outlook sinafe yonse. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc, pitani pa Details, pezani OUTLOOK.EXE n'kudina End task. Izi zokha nthawi zina zimathetsa vuto lonse, chifukwa Outlook yakale ikakakamira kuseri itagwira fayilo ya makalata, yatsopano imalephera kuitsegula. Ngati mukuyambitsanso kompyuta, sankhani Restart osati Shut down. Fast Startup imachititsa kuti Shut down isunge mbali ina ya Windows ndi madiraiva monga zinalili, pomwe Restart imayambitsa zonse mwatsopano.

Safe mode

Safe mode ndi kuyatsa Outlook zoonjezera zake zili zozima. Dinani Windows ndi R, lembani outlook.exe /safe, posaiwala kampata pakati pa exe ndi kamzere kopendekerako. Mungathenso kugwira Ctrl pamene mukudina chizindikiro cha Outlook n'kuvomera funso limene libwere. Yankho la pano limagawa nkhani yonse pawiri. Ikayaka, fayilo ya makalata ndi profayilo zili bwino mokwanira, ndipo wolakwa ali pa zimene safe mode yazimitsa. Ikakana, ma add-in alibe mlandu, dumphani gawo lawo.

Safe mode imazimitsa zinthu zingapo nthawi imodzi, ndiye ndi bwino kuzilekanitsa. Lamulo la outlook.exe /safe:3 limazimitsa ma add-in, pomwe outlook.exe /safe:1 limazimitsa Reading Pane, kagawo kaja koonetsa kalata musanaitsegule. Ikayaka ndi /safe:1 yokha, ndiye kuti pali kalata imodzi pamwamba pa Inbox imene Outlook ikulephera kuijambula, mwina yokhala ndi HTML yosokonekera kapena chithunzi chowonongeka. Lowani mu imelo yanu pa foni kapena pa browser, ifufuteni kalatayo kapena muisamutsire ku foda ina, kenako tsegulani Outlook mwa masiku onse.

Ngati ndi ma add-in, muli mu safe mode momwemo pitani pa File, Options, Add-ins. Pansi pa Manage sankhani COM Add-ins n'kudina Go. Lembani papepala amene achongedwa, kenako achotseni onse. Tsekani, tsegulani mwa masiku onse. Ikayaka, musawabwezere limodzilimodzi. Bwezerani theka. Ikagwa, wolakwa ali mu theka limenelo, ikayaka ali mu theka linalo, ndipo mugawenso pakati. Ma add-in 8 amangofuna maulendo atatu. Amene amapezeka ndi mlandu kawirikawiri ndi a antivayirasi osanthula makalata, a mapulogalamu a PDF, olumikiza foni ndi kalendala, ndi a mapulogalamu a misonkhano ya pa intaneti. Chimachitika n'choti Office yalandira apudeti koma add-in yatsalira pa yakale, ndiye ikuitana zinthu zimene zinasamuka. Mukampeza, ikani apudeti ya pulogalamu imene inabweretsa add-in imeneyo, kapena muisiye yosachonga. Add-in ya antivayirasi ine ndimaona kuti ndi bwino kungoisiya yozima, chifukwa antivayirasi yeniyeniyo imagwirabe fayilo yoipa pa nthawi imene mukuisunga kapena kuitsegula.

Outlook ikakana kuchotsa chongi n'kunena kuti add-in inaikidwira onse ogwiritsa ntchito kompyutayo, itsegulireni ndi Run as administrator. Njira ina ndi ya mu Registry, pa HKEY_LOCAL_MACHINE\Software\Microsoft\Office\Outlook\Addins kwa add-in yoikidwira onse, kapena kwa ya inu nokha pa HKEY_CURRENT_USER\Software\Microsoft\Office\Outlook\Addins, pamene add-in iliyonse ili ndi nambala yotchedwa LoadBehavior. Nambala 3 imatanthauza kuti iziyaka limodzi ndi Outlook, ndipo mukaika 0 siyaka. Musanasinthe, dinani kumanja pa Addins musankhe Export kuti mukhale ndi pobwerera.

Zimene Windows inalemba

Pulogalamu iliyonse ikagwa Windows imalemba, ndipo ndi ochepa amene amakawerenga. Dinani Windows ndi R, lembani eventvwr.msc, tsegulani Windows Logs kenako Application. Funani mzere wofiira wa Application Error, wa nambala 1000, wogwirizana ndi nthawi imene Outlook inagwa. Mizere yofunika ndi itatu: Faulting module name, Exception code ndi Faulting module path.

Wa path ndiwo umaulula zambiri. Ukaloza mu foda ya kampani ina osati Microsoft Office kapena Windows, mwampeza kale wolakwa. Mayina oyamba ndi igd ndi a diraiva ya zithunzi ya Intel, oyamba ndi nv ndi a NVIDIA, ndipo pamenepo chofunika ndi diraiva yatsopano kuchokera kwa opanga kompyutayo. Dzina la mspst32.dll likuloza ku fayilo ya makalata. La emsmdb32.dll likuloza ku kulumikizana ndi Exchange, nthawi zambiri profayilo. La wwlib.dll ndi la Word, chifukwa Outlook imagwiritsa ntchito injini ya Word pojambula makalata, ndipo limagwirizana ndi vuto la kalata imodzi lija. Koma mukaona ntdll.dll, KERNELBASE.dll kapena ucrtbase.dll, musataye nthawi kufunafuna mafayilo amenewa pa intaneti kuti muwasinthe. Ndi mbali za Windows zimene zinangozindikira kuti zinthu zalakwika, wolakwa ali kwina. Mawebusayiti ogawa mafayilo a .dll ndi khomo lolowera mavayirasi.

Exception code siithandiza kwambiri payokha. Nambala ya 0xc0000005 imangotanthauza kuti pulogalamu inagwira mbali ya memore imene si yake, ndipo pafupifupi vuto lililonse lingathe kuitulutsa. Ya 0xc0000374 imatanthauza kuti memore ya pulogalamu inasokonezedwa kale isanagwe, ndipo imakonda kubwera ndi add-in yolembedwa molakwika. Phindu lake ndi pofufuza: lembani dzina la module ndi nambalayo limodzi pa Google, muona ngati ena ayamba kudandaula zomwezo sabata imeneyo.

Chida china chosavuta kuwerenga ndi perfmon /rel. Chimaonetsa masiku motsatana, tsiku limene kugwa kunayamba, ndi zimene zinaikidwa m'kompyuta tsiku limenelo kapena dzulo lake. Kugwa kukayamba Lachitatu, apudeti ya Office kapena diraiva italowa Lachiwiri usiku, simufunikanso kulosera.

Ikakana ngakhale mu safe mode

Yambani ndi chosavuta. Uthenga woti Cannot start Microsoft Outlook, Cannot open the Outlook window umabwera kawirikawiri chifukwa cha kafayilo kakang'ono ka .xml kosunga mndandanda wa mafoda wa kumanzere. Kamakhala mu %appdata%\Microsoft\Outlook, dzina lake n'lofanana ndi la profayilo, monga Outlook.xml. Magetsi akazima Outlook ili mkati mokalemba, kamatsala kopanda kanthu, 0 KB. Lamulo la outlook.exe /resetnavpane limakapanganso, ndipo chimene mumataya ndi zimene munakonza pa mndandandawo basi, monga Favorites. Malamulo ena amene mudzawaone pa intaneti si ofatsa chonchi. La /cleanrules limafufuta ma rule anu onse osanjira makalata, osafunsa, a m'kompyuta ndi a pa seva omwe, ndipo la /cleanviews limachotsa maonekedwe onse amene munakonza nokha. Onaninso kuti OUTLOOK.EXE sinachongedwe pa Compatibility mode mu Properties zake.

Chotsatira ndi profayilo yatsopano. Tsegulani Control Panel, lembani Mail pofufuzira, dinani Show Profiles kenako Add. Ipatseni dzina lililonse, ikani akaunti yanu, ndipo pansi musankhe Prompt for a profile to be used kuti muzisankha poyatsa. Yakale ija musaifufute. Fayilo ya .ost imamangiriridwa ku profayilo imene inaipanga, ndipo profayiloyo ikachoka Outlook singaitsegulenso, ndiye mayina ndi kalendala za This computer only zija zatsekeredwa mkati.

Pali zitatu zoti muzidziwiretu. Choyamba, mufunika pasiwedi ya imelo, ndipo ambiri anaiiwala kalekale chifukwa Outlook imakumbukira yokha. Yesani kaye kulowa pa browser. Gmail inasiya kulandira pasiwedi wamba kuchokera ku mapulogalamu akale mu 2022, ndiye Outlook yanu ikapanda kuonetsa tsamba lolowera la Google mufunika app password, imene imapezeka mukayatsa 2-Step Verification. Chachiwiri, profayilo yatsopano imayamba kutsitsa makalata onse. Poyesa chabe, kokerani kachizindikiro kosankhira nthawi pa mwezi umodzi, kuti bandulo isathere pa makalata a zaka zisanu. Chachitatu ndi cha POP. Mukalola Outlook kupanga .pst yatsopano, itsitsa zokhazo zimene zatsala pa seva ndipo muona ngati makalata akale asowa. Sanasowe, ali mu .pst yakale. Yesani kaye ndi yatsopano yopanda kanthuyo. Ikayaka bwino, pitani pa File, Account Settings, Data Files, Add, mulumikize yakale. Ikagwa mutangoilumikiza, mwadziwa kuti vuto lili mu fayiloyo osati mu profayilo.

Kwa akaunti ya Exchange kapena Microsoft 365, kuyesa fayilo n'kosavuta. Outlook ili yotseka, sinthani dzina la .ost poonjezera .old kumapeto, kenako tsegulani. Ipanga yatsopano n'kuyamba kutsitsa.

Kwa .pst, ndi kwa .ost ya IMAP imene muli zinthu zosapezeka pa seva, chida chake ndi SCANPST.EXE. Chimakhala mu C:\Program Files\Microsoft Office\root\Office16, kapena mu Program Files inayo yokhala ndi x86 kumapeto ngati Office yanu ndi ya 32-bit. Dinani Browse, sankhani fayilo, dinani Start. Chimadutsa magawo 8. Chikapeza zolakwika, siyani chongi pa Make backup of scanned file before repairing n'kudina Repair. Chimapanga kope ya .bak yofanana kukula ndi fayilo yanu, ndiye .pst ya 15 GB ikufuna malo ena a 15 GB pa disiki. Pokonza, windo lake limatuwa n'kulemba Not Responding, nthawi zina kwa maola pa fayilo yaikulu. Musalitseke. Laputopu ikhale pa chaja, ndipo ngati ndi kompyuta ya padesiki yopanda UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, sankhani nthawi imene mukudziwa kuti magetsi sazima, chifukwa kudukiza pakati pa kukonza kumasiya fayilo yoipa kuposa poyamba. Chikamaliza chithamangitseninso, mobwereza mpaka chinene kuti sichinapeze cholakwika. Zimene chapulumutsa koma chosadziwa foda yake chimaziika mu Lost and Found.

Kukula kwa fayilo nakonso kuli ndi malire. Kuyambira pa Outlook 2010 malire ake ndi 50 GB, pa 2003 ndi 2007 anali 20 GB, ndipo .pst ya mtundu wakale wa Outlook 97 mpaka 2002 imathera pa 2 GB. Mafayilo akale amenewa akadalipo m'maofesi ena, akungosamutsidwa kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina. Fayilo ikafika pa malire Outlook imalephera kulembamo. Ngakhale isanafike, ikadutsa 10 GB pa disiki yozungulira ija imayamba kuumauma. Malo amene fayilo ili nawonso ndi nkhani. Microsoft silimbikitsa kutsegula .pst kudzera pa netiweki ya muofesi, ndipo OneDrive ikatenga foda ya Documents imayamba kulimbirana fayiloyo ndi Outlook. Isamutsireni ku foda wamba, monga C:\Makalata, n'kuilozanso mu Data Files.

Pulogalamu yeniyeniyo ifike pomaliza. Tsegulani Word ndi Excel. Zikamagwa nazonso, vuto ndi la Office yonse kapena diraiva ya zithunzi. Pitani pa Settings, Apps, pezani Office kapena Microsoft 365, dinani Modify. Quick Repair imagwira popanda intaneti ndipo imatenga mphindi zochepa. Online Repair imatsitsanso Office yonse, yoposa gigabaiti imodzi, ndipo ingathe kufunsanso laisensi. Amene anagula kompyuta Office ili kale mkati, osadziwa kuti inachokera kuti, aganize kawiri asanadine pamenepa.

Nthawi zina cholakwika chimachokera kwa opanga pulogalamu. Mu July 2020 Outlook inayamba kugwa poyaka pa makompyuta ambiri padziko lonse ndi nambala ija ya 0xc0000005, ndipo ambiri anapulumukira pa kubwerera ku Office ya m'mbuyo kufikira Microsoft itakonza. Kubwererako kumachitika mu Command Prompt yotsegulidwa ngati administrator. Lowani mu C:\Program Files\Common Files\microsoft shared\ClickToRun n'kulemba officec2rclient.exe /update user updatetoversion= motsatidwa ndi nambala yonse ya build yoyamba ndi 16.0, imene mumaitenga pa tsamba la Microsoft la update history. Kenako mu Word, pa File, Account, Update Options, zimitsani maapudeti kwa masiku ochepa, apo ayi ibwerera yokha ku yolakwika ija. Mukumbukire kudzawayatsanso. Office 2016 ndi 2019 zinasiya kulandira maapudeti pa 14 October 2025, tsiku limodzi ndi Windows 10.

Zonsezi zikakanika, pangani akaunti ina ya Windows m'kompyuta momwemo n'kuyesa Outlook kumeneko. Ikayaka, chowonongeka chili mu akaunti yanu yakale ya Windows. Ikakana, thamangitsani sfc /scannow, lamulo lokonza mafayilo a Windows, mu Command Prompt ya administrator.

Thunderbird

Kaganizidwe kake n'komweko, koma Thunderbird ndi yosavuta kukonza chifukwa zonse zili mu foda imodzi. Lembani %appdata%\Thunderbird pa Windows ndi R. Mupeza profiles.ini ndi foda ya Profiles, mmene muli foda ya dzina la zilembo zosamveka lothera ndi .default kapena .default-release. Kopani foda yonse ya Thunderbird imeneyi, ndipo mwasunga makalata, maakaunti, mapasiwedi ndi mayina a anthu nthawi imodzi. Pa Linux foda yake ndi .thunderbird ya m'foda yanu ya home.

Gwirani Shift pamene mukuitsegula kuti ilowe mu Troubleshoot Mode, imene kale inkatchedwa Safe Mode. Imazimitsa ma add-on, amene ndi ma add-in a Thunderbird, ma theme, ndi hardware acceleration, kutanthauza kujambula windo pogwiritsa ntchito kadi ya zithunzi. Ikayaka, yambani ndi chomalizachi: pa Settings, General, chotsani chongi pa Use hardware acceleration when available, chifukwa malaputopu akale a diraiva ya zithunzi yosiyidwa amagwera pamenepa kawirikawiri. Kenako yesani ma add-on ndi njira yogawa pakati ija. Thunderbird ya mtundu wa ESR, wosasintha pafupipafupi, imasintha kwambiri kamodzi pa chaka, monga 115 mu 2023, 128 mu 2024 ndi 140 mu 2025, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene ma add-on akale ndi mafayilo a userChrome.css osinthira maonekedwe amayamba kuvuta.

Ikakana, muli timafayilo tingapo mu profayilo timene Thunderbird imatipanganso yokha tikasowa. Pulogalamu ili yotseka, sinthani mayina ake limodzilimodzi, n'kumayesa. Ka session.json kamasunga matabu amene anali otsegula, ndipo ngati tabu ina inali ndi kalata yovuta, Thunderbird imayesa kuitsegulanso poyaka n'kugwanso. Ka xulstore.json kamasunga kukula ndi malo a mawindo. Ka folderCache.json, kamene m'ma Thunderbird akale kanali panacea.dat, kamasunga chidule cha mafoda. Fayilo ya global-messages-db.sqlite ndi ya kafufuzidwe, imatha kukula mpaka magigabaiti, ndipo ikachoka imamangidwanso pang'onopang'ono popanda kutaya kalata. Zimene simuyenera kuzikhudza ndi prefs.js ya maakaunti, abook.sqlite ya mayina a anthu, ndi logins.json pamodzi ndi key4.db za mapasiwedi. Ziwiri zomalizazi zimayendera limodzi, mukasamutsa imodzi kusiya inzake mapasiwedi satseguka.

Makalata enieni ali mu mafoda a Mail ndi ImapMail. Foda iliyonse ya makalata ili ndi mafayilo awiri, monga Inbox ndi Inbox.msf. Ya .msf ndi mndandanda chabe, ndipo ikawonongeka mungathe kuichotsa, imangidwanso. Ya Inbox yopanda kalikonse kumapeto ndiyo makalata anu onse, olumikizidwa mu fayilo imodzi. Anthu amaifufuta poganiza kuti ndi yopanda ntchito chifukwa Windows sidziwa choitsegulira. Antivayirasi nayo ikapeza kalata imodzi yoipa mmenemo ingathe kutsekera fayilo yonse, ngati kutaya thumba lonse la chimanga chifukwa cha nankafumbwe mmodzi. Inbox ikasowa kapena Thunderbird ikamagwa poiwerenga, yang'anani mu Quarantine ya antivayirasi musanachite china chilichonse, ndipo musadine Delete mmenemo. Mukaibweza, chongani Allow antivirus clients to quarantine individual incoming messages pa Privacy & Security, kuti kalata iliyonse izisanthulidwa payokha isanalowe mu Inbox.

Mukaona mafayilo otchedwa nstmp, ndi zotsalira za Compact, ntchito yochepetsa foda pochotseratu makalata ofufutidwa kale, imene inadukizidwa pakati, mwina magetsi anazima kapena disiki inadzaza. Compact imalemba kope yatsopano ya foda yonse isanachotse yakale, ndiye Inbox ya 6 GB ikufuna malo ena pafupifupi ofanana. Musanafufute nstmp yerekezani kukula kwake ndi kwa Inbox, chifukwa nthawi zina makalata athunthu amakhala atatsala mmenemo.

Profayilo yatsopano imapangidwa ndi lamulo la thunderbird.exe -P. Ikayaka bwino, koperani mafayilo a makalata opanda .msf aja mu Mail\Local Folders ya profayilo yatsopanoyo, aoneka mukatsegulanso. Kubwerera ku Thunderbird yakale n'kovutirapo kusiyana ndi Outlook: profayilo ikatsegulidwa ndi yatsopano, yakale imaikana, pokhapokha mutaikakamiza ndi --allow-downgrade, ndipo zimenezo muzichita pa kope osati pa profayilo yeniyeni. Malipoti a kugwa amene munatumiza amasiya manambala oyamba ndi bp mu Crash Reports\submitted, ndipo ndi amene othandiza a Thunderbird amafunsa.

Ikamabwereza

Fayilo ya makalata imene mwaikonza lero n'kuwonongekanso sabata yamawa ili ndi chimene chikuiwononga. Choyamba kukayikira ndi magetsi. Outlook imapitiriza kulemba mu fayilo kwa masekondi angapo windo litatsekedwa kale, ndiye kuzimitsa pakhoma mutangotseka, kapena laputopu ya batire yakufa imene imazima chaja ikangogwedezeka, zimadula kulembako pakati. UPS yaing'ono ya 650 VA imakwana kupereka mphindi zochepa zotsekera bwinobwino kompyuta imodzi ya padesiki.

Chachiwiri ndi disiki. Onani kaye ngati C: yafiira mu File Explorer, chifukwa pulogalamu ya imelo yosowa polemba imagwa poyaka. Kenako ikani pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo, imene imawerenga zimene disikiyo imalemba za thanzi lake. Ikaonetsa Caution pa Reallocated Sectors Count kapena pa Current Pending Sector Count, musathamangitse SCANPST kapena chkdsk /r, lamulo losanthula disiki, pa disiki imeneyo, chifukwa zonsezi zimaigwiritsa ntchito mwamphamvu kwa maola ndipo zingathe kuimaliza. Koperani .pst kapena foda ya Thunderbird ku disiki ina kaye, kukonzako mukachitire pa kope imeneyo, ndipo disiki yakaleyo isinthidwe ndi disiki yatsopano ya SSD.